Chitsulo cha pa Masitepe a Pishi

Ntchito ya Jhumur Bagchi inali yochotsa zalero m'nyumba za anthu. Akalowa m'chipinda, maso ake sankaona maluwa kapena zithunzi za ana. Ankaona swichi ya pulasitiki, waya wokwawa pakhoma, kalendala ya kubanki, wotchi ya mabatire. Iye ankangoloza ndi chala, amisiri n'kuzula, kubisa kapena kuphimba, mpaka chipindacho chibwerere m'chaka cha 1936. Ntchitoyi ankainyadira mopitirira muyeso, tinene zoona. M'magawo makumi anayi a sewero la pa kanema la Binapani, palibe woonera ngakhale mmodzi amene analemba kalata yodandaula kuti waona chinthu cha masiku ano, chikhalirecho anthu a ku Kolkata kalata zotere amalemba ngakhale asanamwe tiyi.

Binapani wa m'sewerolo anali mphunzitsi wamasiye, wovala sari yoyera, woyenda ndi ambulera yakuda, amene ankathetsa milandu yomwe inkazunguza mitu apolisi a nthawi ya Angerezi. Sankathamangitsa munthu, mfuti sankaigwira. Ankangolowa m'nyumba ya maliro, kupempha madzi akumwa, n'kuona kuti chikho cha mkuwa chili pamalo pomwe si pake. Lamlungu lililonse seveni koloko madzulo, azimayi a ku Bagbazar, dera lakale la mu Kolkata, ankaphula miphika isanapse chifukwa cha iye.

Koma wodwala nalo kwenikweni sewerolo anali Pishi, azakhali ake a Jhumur. Ndiwo anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi makolo ake atamwalira, ndipo mpaka pano, Jhumur ali ndi imvi zakezake, awiriwa ankakhala limodzi ku Bagbazar komweko, m'nyumba yakale yosanja, ya simenti yofiira ndi mazenera obiriwira. Pishi anali ndi zaka 79 koma mutu wawo unali wakuthwa ngati lumo. Wakupha ankamutchula sewero lisanafike pakati, ndipo kawirikawiri ankalasa. Ankamuletsa Jhumur kuulula za gawo lotsatira, kenako sabata yonse n'kumamukola ndi timafunso ta m'mbali: kodi chipinda cha wophika uja mwachikonza cha masiku angati? Akamva kuti tsiku limodzi, ankadziwa kuti wophikayo sakhalitsa ndi moyo.

Mwana mmodzi yekhayo wa Pishi, Prabal, amene Jhumur ankamutcha Dada, kutanthauza achimwene aakulu, ankakhala kumzinda wakutali wa Pune. Anali munthu wokonda mayi ake kudzera m'malamulo: musadye zokazinga, musasambe madzi ozizira, musatsegulire munthu wachilendo. Zaka ziwiri m'mbuyomo, Pishi atachitidwa opaleshoni ya bondo, anabwera ndi amisiri n'kukhomera chitsulo chogwirira pakhoma la masitepe, kuchokera m'mwamba mpaka pansi. Chinali chonyezimira ngati cha m'chipatala, ndipo Jhumur anadana nacho tsiku lomwelo. Pishi anachinyoza sabata imodzi, kenako anachimangirira kaulusi kofiira ka kukachisi kumapeto kwake kwa pansi, ati nachonso chikhale cha m'banja. Dzanja lawo linachizolowera msanga kuposa pakamwa pawo.

Tsono opanga sewero atafuna masitepe opapatiza, akale, okhala pakati pa makoma awiri, Jhumur sanafunefune kutali. Pishi atamva kuti Binapani adzaponda m'nyumba mwawo anatsala pang'ono kuvina. Dada pa foni anayamba wakana, kenako anavomera ndi lamulo limodzi: pasakhale wokhudza chilichonse chimene Ma amagwiritsa ntchito. Jhumur analonjeza, ndipo analonjeza ndi mtima woona.

Tsiku loyamba kujambula, m'mawa, Sanyal, wotsogolera sewero, munthu wa mpango m'khosi ngakhale kunja kukuwotcha, anaima pansi pa masitepe n'kuyang'ana m'mwamba.

"Jhumur-di, mlongo wanga, kodi lero tikujambula za kuchipatala?"

Anyamata a magetsi anaseka. Chitsulocho anali atachiona kalekale, nanga si ankachidutsa tsiku ndi tsiku, koma kuti wina achiloze iye asanachiloze, pamaso pa anthu ake, m'nyumba ya kwawo, zinamuwawa. Anaitana Nizam, kalipentala wachikulire wa ndevu zopaka utoto wofiirira wa hena, amene anagwira naye ntchito zaka khumi. Nizam anachiyang'ana chitsulocho, n'kufunsa motsitsa mawu za amayi a m'mwamba. Jhumur anati amayiwo satsika masiku atatu onse, chakudya azikawapatsira komweko, ndipo akangomaliza kujambula achibwezera. Nizam anamasula, anamata mabowo, anapaka laimu wothira tiyi kuti aoneke wakale. Khomalo linakongola, ndipo Jhumur anakondwera nalo.

Masiku atatuwo Pishi anawathera pampando wa nsungwi pakhonde la m'mwamba, akuyang'ana m'bwalo la m'kati ngati mfumukazi. Anadzudzula wopopera utsi wa m'sewero kuti akuononga kamtengo kawo kopatulika ka tulsi. Anauza Sanyal kuti mkazi wamasiye wa nthawi imeneyo sakanagwira ambulera motero. Mtsikana wosewera Binapani anakwera kukagwira mapazi awo, ndipo Pishi anamuuza kuti m'gawo la khumi ndi chiwiri anachedwa kuzindikira za mlamu uja.

Tsiku lachitatu anamaliza folo koloko, dzuwa likupendeka, pomwe panali patatsala chithunzi china cha kumtsinje chofuna kuwala. Lole inkaliza hutala pamsewu. Nizam anaima m'bwalo atanyamula chitsulo paphewa, akumuyang'ana Jhumur.

"Mawa m'mawa, Nizam-bhai, m'bale wanga. Chisiyeni kuseri kwa thanki."

Madzulo ake anakwera masitepe osazindikira kanthu, popeza iye sankachigwira n'kale lomwe. Anali ndi maganizo owauza Pishi pa chakudya. Koma Pishi anali ndi nkhani za masiku atatu zosefukira, za ndolo za Binapani, za Sanyal amene ati ndi mwana wabwino koma wosamva, ndipo Jhumur, maso akulemera, anangomvera akuseka mpaka anaiwala.

Kusanache bwinobwino, Pishi anatenga kamtsuko kawo ka mkuwa kuti akathirire tulsi wawo yemwe anamusowa masiku atatu. Chimene chinamudzutsa Jhumur si kukuwa, Pishi sanakuwe. Kanali kamtsuko kaja, kakugunda sitepe ndi sitepe mpaka pansi, n'kumazungulira pasimenti kosafuna kuima.

Fupa la m'chiuno linathyoka. Pofika masana Pishi anali m'chipinda cha opaleshoni, ndipo ndege ya Dada inali yoti itera sikisi koloko madzulo. Jhumur anakhala pabenchi m'khonde la chipatala, foni ili m'manja. Kuchotsa chitsulo kunali kupusa, kuiwala kunali kutopa, ndipo zonsezi munthu akhoza kuzinena akulira anthu n'kumumvetsa. Chimene anachita pabenchi paja ndiye chinali china. Anaimbira Nizam, namuuza kuti kiyi ali kwa a khomo loyandikana, akabwezere chitsulo isanakwane faifi. Anadziuza kuti akuchitira kuti wina asagwenso. Nizam anafunsa kuti amayi ali bwanji, anamva yankho, kenako anati apita.

M'mawa mwake Pishi anatsegula maso, anapeza mwana wawo mbali ina ya bedi, Jhumur mbali inayi. Mawu awo anali ouma koma omveka.

"Chitsulo panalibe. Ndinatambasula dzanja, ndinagwira mphepo."

"Ma, chitsulo chilipo," anatero Dada mofatsa. "Ndachigwira ndekha dzulo popita kukatenga zovala zanu." Kenako anatembenuka. "Jhumur, anthu ako aja anachikhudza?"

"Ayi, Dada."

Linatuluka mosavuta bwanji liwu limenelo. Pishi anamuyang'ana Jhumur, osati momukayikira, koma momupempha kuti awathandize. Kenako anayang'ana dzanja lawo lamanja, analitembenuza, nalibisa m'bulangete.

Tsiku lotsatira kunabwera dokotala wina wachitsikana ndi pepala la mafunso. Lero ndi lachingati? Tchulani zinthu zitatu zimene ndakuuzani poyamba paja. Pishi, amene ankadziwa pamtima tsiku lobadwa la mdzukulu aliyense wa mumsewu wawo, anatchula ziwiri, chachitatu chinawathawa chifukwa cha mantha. Dokotala analemba kanthu. Dada anatuluka naye m'khonde, ndipo pobwera anali atagamula kale. Ngati Ma akugwa chitsulo chili pomwepo, ndiponso akukana zinthu zomwe zilipo, nyumba ija siyowayeneranso. Akachira apita ku Pune, kunyumba ya m'mwamba yokwera ndi chikepe, kumene kuli namwino wa usana ndi usiku. Nyumba ya ku Bagbazar aitseka, zina aziona pambuyo.

Pishi anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri, ndipo masiku amenewo Jhumur anaona munthu akuzimiririka ali maso. Anasiya kudzudzula anamwino. Asanafunse chilichonse ankayamba ndi kuti, kodi ndakufunsa kale zimenezi? Tsiku lina Jhumur anawapeza akunong'ona okha, akuwerenga ndi zala mayina a abale awo onse amene anamwalira, motsatana, kuti aone ngati pali amene wagwa m'mutu. Lamlungu litafika anakana kuonera Binapani pa kanema wa m'wodi. Anati sangathenso kutsatira, angosokonezeka.

Jhumur anawatumikira ngati wobweza ngongole ya moyo. Ankabwera ndi msuzi wa nsomba wophika yekha, ankawapesa tsitsi, ankawadzoza mafuta a kokonati m'mapazi. Anamwino ankamutama kuti ana otere kulibenso, ngakhale wobereka wekha sangatero, ndipo mawu aliwonse otere ankamulasa. Chakudya chinasiya kumukoma. M'mawa uliwonse ankanyamuka kunyumba atatsimikiza kuti lero anena, n'kufika pabedi, n'kuyamba kusenda lalanje. Ankaopa Dada, inde, nyumba inali yake ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Ankaopa kuti nkhani ikafika kwa Sanyal ndi kwa onse a ntchito yawo. Koma chimene ankaopa koposa chinali nkhope ya Pishi pomva kuti mwana amene anamulera anaima pambali pa bedi lawo n'kuwalanda nzeru zawo. Tsiku lililonse limene anakhala chete linkakulitsa chinthu choti adzanene mawa lake.

Kuntchito Nizam sanaulule za chitsulocho. Ankangomupatsa moni wa ulemu wonse, woposa wa kale, ndipo tiyi wake ankakamwera kwina.

Tsiku lotuluka m'chipatala, amuna awiri anawanyamula Pishi pampando wa nsungwi kukwera nawo masitepe. Atatsala pang'ono kufika m'mwamba, Pishi anati aime kaye. Amunawo anaima akupuma mwawefuwefu. Pishi anatambasula dzanja, anagwira chitsulo, anachisisita pang'ono chakumapeto, kenako anati tiyeni. Jhumur, amene ankabwera m'mbuyo ndi zikwama, anaganiza kuti akutsanzikana nacho, ndipo misozi inamulengeza.

Kuyambira tsiku limenelo Pishi anasintha. Anayambanso kudya, anayambanso kunena kuti mchere wachepa. Anauza mtsikana wowaphunzitsa kuyenda kuti amawerenga mothamanga ngati wogulitsa nthochi. Koma za ku Pune sanatsutse ngakhale kamodzi. Anangopempha chinthu chimodzi: asanyamuke gawo la m'nyumba mwawo lisanaonetsedwe. Dada anaona kuti n'zazing'ono, anagula matikiti a Lachiwiri lotsatira Lamlungu limenelo, nabwerera kuntchito kwake.

Masabata asanu Jhumur analongedza moyo wa azakhali ake m'mabokosi. Masari m'bokosi lachitsulo, timafano ta milungu m'nsalu zofewa, makalata a malemu amuna awo m'chitini cha mabisiketi. Pishi ankalamula ali pabedi, ichi chipite, icho chitsale. Atafika pa tulsi anati asiyidwe, kunyumba ya m'mwamba ya ku Pune kuja kulibe dothi loti amere. Ananena mopanda chisoni chilichonse, ndipo zimenezo zinamupweteka Jhumur kuposa akanalira.

Panali chinthu china chimene chinkamusowetsa tulo. Iye yekha m'nyumbamo ndiye ankadziwa zomwe kamera inajambula. Anapita kuchipinda chodulira zithunzi n'kupempha kuona gawolo, ndipo anachipeza monga ankaopera: Binapani akutsika masitepe pang'onopang'ono, ambulera kudzanja lamanzere, chikhatho chamanja chikusisita khoma kuchokera m'mwamba mpaka pansi, kufunafuna pamene laimu anali wosauma. Mlandu wonse wa gawolo unagona pakhoma limenelo. Jhumur anayesa kunena kuti chithunzicho chatalika, mwina achidule pang'ono. Sanyal anamuyang'ana ngati wamutukwanira mayi ake. Anati chimenecho ndiye chithunzi chabwino koposa chaka chonse, ndipo khoma lake ndi la Jhumur yemweyo, azinyada.

Dada anafika Loweruka. Lamlungu madzulo anasunthira kanema m'chipinda cha Pishi, pakati pa mabokosi omanga ndi zingwe. Pishi anavala sari yochita kusita, anadzola ndi mafuta onunkhira, ngati akulandira alendo. Jhumur anati akakonza tiyi. Pishi anati tiyi adikire, akhale apa, pomwe angamuone. Anamulozera mpando wa pafupi ndi bedi.

Nyimbo yoyambira inalira. Bwalo lawo linaoneka, lodzaza utsi, tulsi ali pakati. Dada anaseka poona thanki yawo itasanduka mulu wa nkhuni, kenako anabwerera ku foni yake, nanga munthu wa ku Pune angaonere sewero la azimayi mpaka kumapeto?

"Prabal, ika foniyo pansi," anatero Pishi. "Masitepe ako akubwera."

Binapani anaima pamwamba pa masitepe. Anakweza dzanja, naliika pakhoma. Khomalo linali loyera mbuu, lopanda chilema, ntchito yake yabwino koposa.

Dada anatsinzinira diso limodzi, nawerama. "Nanga chitsulo chili kuti?"

Jhumur anatsegula pakamwa, koma Pishi anamuyambirira.

"Masiku ano amafufuta ndi kompyuta. Si choncho, Jhumur?"

Ananena mosavuta, ngati akufunsa za mtengo wa anyezi. Dada anagwedeza mutu, nati n'zoona, anthu amenewa amatha kufufuta ngakhale mlatho wonse, ndipo dzanja lake linayamba kale kufunafuna foni. Khomo lothawira linali lotseguka, analitsegula ndi Pishi eni ake. Jhumur akanangoti inde, Lachiwiri ndege ikananyamuka, nyumba ikanatsekedwa, nkhani ikanathera pompo mpaka kalekale. Pa kanema chikhatho cha Binapani chinkatsetsereka pakhoma, sitepe ndi sitepe, kudutsa pamalo penipeni pomwe chitsulo chinayenera kukhala. Jhumur anayang'ana Pishi. Iwo sankaonera sewero. Ankamuyang'ana iye, mwakachetechete, manja ali pamiyendo.

"Sitinafufute, Dada. Ndinachotsa ndine."

Mawu otsatira anatuluka okha, osakongola, ena kawirikawiri. Ananena za Sanyal ndi kuseka kwa anyamata, za lole yoliza hutala, za chakudya chamadzulo chomwe anaiwalira. Dada anali ataimirira. Jhumur akanatha kulekera pamenepo, koma ananenanso za benchi ya kuchipatala, za foni, za kiyi wa kwa a khomo loyandikana. Atafika pa "ayi" uja wa pambali pa bedi mawu anamuthera.

Dada sanakuwe poyamba, ndipo bola akanakuwa. Anafunsa kawiri ngati akunena kuti iye atagwira chitsulo chija madzulo aja, laimu wa m'mabowo anali asanaume. Jhumur anavomera. Pamenepo ndiye anaphulika. Ananena za lamulo limodzi lokha limene anapereka, za mayi ake ogona pasimenti, za madokotala awiri a ku Pune amene anawalembera kale kuti mayi ake mutu wayamba kusokonekera. Anati Jhumur anadya m'nyumba muno zaka makumi atatu, ndipo mawa atenge zake azipita. Zonse zinali zoona kapena pafupi ndi zoona, ndipo Jhumur anazilandira ataweramitsa mutu.

Pishi anamusiya mwana wawo mpaka mpweya unamuthera.

"Wamva tsopano, Prabal. Mutu wanga uli bwinobwino. Dzanja langa linagwira mphepo chifukwa panali mphepo. Madokotala akowo uwalembere kalata ina."

"Ma, ngakhale zili choncho, masitepe awa..."

"Bedi langa mulitsitsire m'chipinda cha pansi, choyang'anana ndi tulsi. Mabokosi awa mumasule. Ndipo uyu sapita kulikonse. Ukamuthamangitsa, adzandisambitsa ndani, iweyo pa foni?"

Dada anayesa kutsutsa, koma ankatsutsana ndi mayi ake a kale, aja amene sanawagonjetsepo chibadwire. Pomaliza anatuluka. Anamumva akutsika masitepe, kenako akuima pakati, mwina akugwedeza chitsulo kuona ngati chalimba.

M'chipinda munatsala awiri. Pa kanema Binapani anali atasonkhanitsa banja lonse pabalaza, koma mawu ake sankamveka, Dada anali atatsitsa. Jhumur anatsika pampando n'kukhala pansi, pafupi ndi mapazi a Pishi, osalimba mtima kuwagwira. Patapita nthawi anawafunsa kuti anadziwa liti.

"Tsiku lomwe anandikweza pampando. Kaulusi kanga ndinakamanga kumunsi. Ndinakapeza kumtunda. Kalipentala wako ndi waluso, koma anali pachangu, anachitembenuza."

Masabata asanu. Jhumur anakumbukira mabokosi onse amene analongedza pamaso pawo, ichi chipite, icho chitsale.

"Bwanji simunanene, Pishi?"

"Ndinanena kamodzi, kuchipatala. Unandiyankha."

Jhumur analira tsopano, kulira koipa, kwa mamina, kopanda ulemu. Pishi sanamutonthoze ndipo sanamuletse. Jhumur atatha kupuma anafunsa chimene chinkamuwotcha: nanga akanavomera za kompyuta zija?

"Bwenzi Lachiwiri ndikukwera ndege. Sindikanakuvula pamaso pa mkulu wako. Ndinakulera ndine."

Anasalaza sari pabondo pawo.

"Za mwendowu usadzizunze nazo. Ndinakukhululukira ndili gone pansi paja, ndisanadziwe n'komwe kuti pali woti ndimukhululukire. Munthu amaiwala. Koma masiku khumi ndi awiri aja, Jhumur, ndinkagona ndikuwerenga akufa anga, ndikuopa kuti mawa ndidzuka osakudziwa iweyo. Ndipo iwe unali pompo, ukundisendera malalanje." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Amenewo sindinathe kukukhululukira. Undipatse nthawi."

Pishi anatola okha kachipangizo kokwezera mawu pabulangete, anakayang'ana mozondotsa, anakatembenuza, nakweza. Sewero linali litatha, mayina ankayenda pagalasi. Dzina la Jhumur linadutsa pamalo pake, pansi pa mawu oti wokonza malo, ndipo onse awiri analiona.

"Kathirire tulsi," anatero Pishi. "Lero sunamuthirire. Ugwire chitsulo potsika."